MMISIRI WOCHOKERA KUNDENDE: KODI TIMKHULUPIRIRE?

Pa tchalitchi china chaching'ono cha kumudzi, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene ndinakacheza masabata apitawa, ndinapeza Akristu ali ndi nkhani imene inawagawa pawiri. Namondwe uja wa Freddy, amene anagwa m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023 chisanafike pakati, nakokolola midzi ndi minda ku Mulanje kuno ndi ku Phalombe, anagwetsanso khoma limodzi la tchalitchicho, ndipo mabenchi ambiri anathyoka. Akristu anamanganso khomalo ndi manja awo, nayamba kusonkha pang'ono pang'ono ndalama za mabenchi atsopano. Tsono itakwana nthawi yofuna mmisiri, kunapezeka kuti m'midzi yonse yozungulira munthu wodziwa bwino landa ndi sowo ndi mmodzi yekha, ndiye mnyamata amene anali atangobwera kumene kuchokera kundende, kumene anakhala zaka zitatu pa mlandu wakuba njinga. Umisiriwo anauphunzira komweko.

Pa msonkhano wa akuluakulu a mpingo, amayi osunga chuma anaimirira nati: "Aphunzitsi, ine ndalama za anthu sindingaziike m'manja mwa mbala iyayi. Mawa akawoloka nazo ku Muloza nakabisala ku Milange, amene mudzamfunse ndine." Atakhala pansi iwo, bambo wina wachikulire anati: "Langa ndi funso chabe. Mwana wanga uja sanabepo ngakhale dzira la nkhuku ya munthu, koma ali kungokhala pakhomo wopanda ntchito, ndipo palibe amene amkumbukira. Kodi akabe kaye, kuti nayenso mumchitire msonkhano?" Katekisiti anawerama, osayankha msanga.

Inu amene muwerenga, musafulumire kuwaweruza anthu awiriwa kuti ndi ouma mtima. Amayi aja anali kuteteza ndalama za akazi amasiye amene anagulitsa nandolo ndi zinanazi kuti asonkhe. Bambo uja anali kunena za chilungamo, ndipo chilungamo si mdani wa Mulungu. Funso lawo ndi lenileni, ndipo lifika pa limana lililonse tsiku lina: munthu akatuluka m'ndende, kodi ife Akristu tili naye ngongole yanji? Kumkhululukira kokha, kapena kumpatsanso ntchito ndi kumsungitsa za m'thumba mwathu?

Tiyambe taona kumene munthuyo achokera. M'chaka cha 2009 bwalo lalikulu la milandu, poweruza dandaulo la mkaidi wina dzina lake Gable Masangano, linagamula kuti kupanikizana kwa anthu m'ndende zathu, pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'zipinda, ndi nkhanza yonyoza umunthu, ndipo linalamula boma kuti pa miyezi 18 lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zinapita, koma ndende zinakhalabe ndi anthu oposa kawiri amene zinamangidwira. Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935, ndipo lamulo la ndende la 1956, la nthawi ya Azungu, linagwira ntchito zaka zoposa 60. Mkaidi amadya kamodzi pa tsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, nagona chammbali, pakuti malo otembenukira palibe. Woweruza akati zaka zitatu, ndi zaka zitatu za moyo wotere. Tsono tsiku lotuluka likafika, boma liti mlandu watha, nilitsegula chipata.

Koma kumudzi mlandu sunathe. Kwathu kuno mwamuna amakhala pa chikamwini, nalima munda wa mbumba ya mkazi wake. Akamangidwa, kawirikawiri ukwati umatha, ndipo pobwera apeza pakhomo pali wina. Abwerera kwa amake, kumene alongo ake anagawana kale kamunda kaja; pakuti m'boma la Mulanje munawerengedwa anthu oposa 680,000 m'kalembera wa 2018, ndipo nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi kuyambira zaka za m'ma 1890. Akapita kukapempha ntchito yothyola tiyi, mbiri yake imtsogolera kwa kapitawo. Akafuna kulowa banki m'khonde kuti apeze mpamba wa kabaza kapena wa geni ya pa Limbuli, amayi ayang'anana nati malo adzaza. Mbuzi ikasowa m'mudzi, maso onse ali pa iye, ngakhale usiku umenewo anagona kumaliro. Kwatsala njira iti? Kwatsala phiri: kukwera usiku kukaotcha makala kapena kukacheka mkungudza, umene watsala pang'ono kutheratu, m'nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927. Agwidwanso, nabwerera kumene anachokera, ndipo ife tigwedeza mitu ndi kunena kuti tinadziwa kale. Chilango chachiwirichi sichinagamulidwe ndi woweruza aliyense, chilibe tsiku lothera, ndipo ochipereka ndife.

Wina adzati: chabwino, timpatse ufa ndi malaya, pakuti Ambuye anatiuza pa Mateyo 25 kuti chimene tichitira wam'ndende tichitira Iwo amene. Inde, ufa ndi wabwino pa sabata loyamba. Koma munthu wamkulu wodyetsedwa ndi anzake mwezi ndi mwezi sachira. Asanduka mwana, ndipo mtima wake uwawa ngakhale pakamwa pake pathokoza. Paulo Woyera, polembera Akristu a ku Efeso, sanawauze kuti wakuba uja azimdyetsa. Anati aleke kuba, agwire ntchito ndi manja ake, kufikira iye mwini akhale nako kanthu kopatsa osowa. Taonani kutalika kwa ulendo umenewo: wolanda asanduka wopatsa. Mpingo unaphunzitsa zomwezo pamene Papa Pius XII anaika tsiku la Yosefe Woyera Mmisiri mu 1955, ndiponso pamene Papa John Paul II analemba kalata yake ya Laborem Exercens mu 1981, yophunzitsa kuti pogwira ntchito munthu sakonza zinthu zokha ayi, koma adzikonzanso yekha. Mnyamata uja akapala thabwa tsiku lonse, madzulo aona chinthu chowongoka chimene chatuluka m'manja omwe aja anathyola loko wa njinga. Ulaliki wathu sungamuonetse zimenezo.

Tsono tibwere kwa amayi osunga chuma. Iwo anasokoneza zinthu ziwiri zimene ambiri a ife tisokoneza: kukhululuka ndi kukhulupirira. Kukhululuka ndi lamulo. Tikhululuka lero, kwaulere, pakuti nafenso tinakhululukidwa kwaulere. Kukhulupirira munthu pa ndalama si lamulo la tsiku limodzi. Kumamera ngati mtengo, ndipo palibe tchimo kuyamba ndi kambewu. Kulakwa kwa amayi aja sikunali kuopa kupereka thumba lonse. Kunali kukana kubzala ndi kambewu komwe. Pakuti munthu adzaonetsa bwanji kuti wasintha ngati palibe amene amsungitsa kanthu, ngakhale misomali?

Pali woyera wina amene timkumbukira pa 14 Okotobala, koma mbiri yake siilalikidwa kawirikawiri, kapena chifukwa ichititsa manyazi pang'ono. Callistus anali kapolo ku Roma. Mbuye wake, Mkristu wotchedwa Carpophorus, anamuikiza ndalama kuti azisunga ndi kukongoza, ndipo Akristu ambiri, pamodzi ndi akazi amasiye, anasungitsa zawo komweko. Ndalamazo zinatayika. Callistus anathawa, nagwidwa pa doko, nalangidwa ndi ntchito yopera pa mphero. Pambuyo pake, pa mlandu wina, anamtumiza ku ukaidi wa m'migodi ya ku Sardinia. Atamasulidwa, Papa Victor sanambwezere pa thumba ayi. Anamtumiza kukakhala ku Antium, namampatsa kandalama ka mwezi ndi mwezi. Patapita zaka, Papa Zephyrinus anamuitana, nampatsa ntchito yoyang'anira manda a Akristu pa msewu wa Via Appia, manda amene atchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Anagwira bwino ntchito ya kumandayo, ndipo m'chaka cha 217 kapolo uja wotaya ndalama za amasiye anasankhidwa kukhala Papa. Zambiri za mbiri iyi tizidziwa kuchokera kwa Hippolytus, amene anadana naye kwambiri chifukwa cholandiranso mu Mpingo anthu ochimwa machimo akulu atalapa. Ndikaiganizira mbiri imeneyi, chondigwira mtima ndi masitepe ake: poyamba kandalama kodyera, kenaka manda, pomalizira makiyi a Petro. Mpingo wa masiku aja sunali wopusa, komanso sunatseke chitseko.

Ambiri a inu mudziwa Maria Goretti Woyera, ndipo ana athu aakazi ochuluka atchedwa dzina lake. Ochepa afunsa kuti anatha bwanji Alessandro Serenelli, amene anampha mu 1902. Anakhala m'ndende zaka 27, natuluka mu 1929. Anapita kukagwada kwa amake a Maria kupempha chikhululukiro, ndipo iwo anamlandira. Koma chikhululukiro chokha sichikanamdyetsa. Ansembe a chipani cha Capuchin anamtenga nampatsa khasu la m'dimba mwawo ndi ntchito ya pa chipata, ndipo anakhala wantchito wawo kufikira anamwalira mu 1970. Panali wina amene anayamba kunena kuti, mlekeni agone m'nyumba mwathu, ngakhale tidziwa chimene anachita.

Munthu woyamba kunena mawu otereyu ndiye asowa m'midzi mwathu, ngakhale mwambo wathu umdziwa bwino. Ukwati suimikidwa popanda ankhoswe. Nkhoswe ndiye anena kuti, mnyamatayu ndimdziwa, akalakwa mubwere kwa ine. Paulo Woyera anachita unkhoswe womwewo pa Onesimo, kapolo amene anathawa kwa mbuye wake Filemoni, ndipo zioneka kuti anamlakwira pa chuma. Paulo, iye mwini ali m'ndende, anambweza Onesimo kwa mbuye wake ndi kalata, napempha kuti amlandire monga mbale. Koma sanalekere pa mawu okoma, analonjeza ndi dzanja lake kuti ngati pali ngongole, adzalipira iye. John Bosco Woyera, ali wansembe wamng'ono ku Turin mu 1841, anatengedwa ndi Joseph Cafasso Woyera kukaona ndende za mumzindamo, napeza anyamata ambiri amene anali kutuluka ndi kubwereranso chifukwa kunja kunalibe wowasamala. Anayamba kuyenda kwa amisiri kuwapemphera anyamata malo ophunzira ntchito, nasaina yekha mapangano ake pamodzi ndi mwini ntchito. Ndipo mu 1853 anatsegula m'nyumba mwake momwe malo osokera nsapato ndi zovala. Chifundo cha anthu awa chinali ndi mtengo wake, ndipo anali okonzeka kuulipira m'thumba mwawo. Ife tikonda chifundo chimene alipira ndi wina.

Funso la bambo wachikulire uja ndilo livuta koposa, ndipo ndivomera kuti sindingalithetse lonse. Ndi funso la mwana wamkulu m'fanizo la pa Luka 15, amene anatumikira atate ake zaka zonse osalakwa, naona mwana wang'ombe wonenepa akuphedwera mng'ono wake womwaza chuma. Ife alaliki timfulumirira mwana wamkuluyu kumdzudzula, koma ku Mulanje kuno ana aakulu otere ndi ochuluka zedi: anyamata amene anatsiriza sukulu, sanabe, sanamenye munthu, ndipo akhala pa Chitakale kapena pa Nkando kudikira ganyu amene sabwera. Akamva kuti wotuluka m'ndende waphunzitsidwa umisiri kwaulere, walandira ndi zida zomwe, mtima uwawa, ndipo sindinganene kuti uwawa popanda chifukwa. Mpingo umene ukumbukira anyamata pokhapokha atamangidwa uli ndi mlandu wake wakewake.

Komabe ndiyankha zinthu ziwiri. Choyamba, ntchito si mphotho ya khalidwe labwino monga chikho cha mpira. Tchalitchi chifuna mabenchi, ndipo chilipira amene adziwa kuwakhoma. Mnyamata uja salandira mphatso, agulitsa thukuta lake. Kumkana ntchito imene aidziwa sikupatsa mwana wa bambo uja ntchito, pakuti iye landa saidziwa. Ndalamazo zingopita kwa mmisiri wa ku boma, ndipo m'mudzi mutsala anyamata awiri osowa chochita m'malo mwa mmodzi. Chachiwiri, atate a m'fanizo lija sanamlande kanthu mwana wamkulu. Anatuluka kunja kukampempha kuti alowe. Njira yolowera ilipo pano pomwe: mmisiri afuna womgwirira thabwa. Mwana wa bambo uja akadzichepetsa kuphunzira kwa munthu amene anali mkaidi, pakutha pa chaka m'mudzi mudzakhala amisiri awiri. Kudzichepetsa kumeneko ndi kowawa, sindikana. Ndipo alipo makolo amene angakonde mwana wawo akhale chabe kusiyana ndi kumuona akutumidwa misomali ndi mbala.

Pali munthu wachitatu amene sanafike pa msonkhano uja, ndiye mwini njinga. Tikamakamba za chifundo pa olakwa, timuiwala msanga wolakwiridwa, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Iye anali kunyamula chinangwa pa njingayo kupita nacho kumsika. Itabedwa, geni yake inagwa, ndipo zaka zitatu za mnzake m'ndende sizinambwezere ndi sipoko imodzi yomwe. Katekisimu itiphunzitsa kuti tchimo lakuba silitha ndi kulapa kwa pakamwa pokha. Wakubayo ayenera kubweza monga angathe, monga Zakeyu analonjeza kubweza kanayi kwa amene anawanyenga. Makolo athu pa bwalo la mfumu anadziwa zomwezo, pakuti mlandu unkatha ndi kulipa mbuzi kapena nkhuku kwa wolakwiridwa, ndipo atalipa ankadyera pamodzi. Tsono munthu wopanda ntchito adzabweza ndi chiyani? Amene amana wotuluka m'ndende ntchito, poganiza kuti aimira mwini njinga, ndiye amene atsekereza njingayo kuti isabwere konse.

Musaganize kuti zonsezi ndi za ku Ulaya kokha. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, bwalo lalikulu linagamula kuti sikuloledwa kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha, osayamba wamva za moyo wake. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi otere inamvedwanso, ndipo oposa 100 anamasulidwa nabwerera kwawo, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 20. Anthu ofufuza za malamulo anali kuyamba apita kumidzi kukakamba ndi mafumu ndi abale, kuti wobwerayo apeze pofikira, ndipo midzi yambiri inawalandira. Ngati mudzi ungathe kulandira munthu amene anakhetsa mwazi, kodi njinga ndiyo itikanike? Ku Balaka kuli nyumba ya bungwe la Prison Fellowship Malawi, kumene akaidi otsala pang'ono kumasulidwa ndi omasulidwa kumene aphunzira ukalipentala, utelala ndi ntchito zina zamanja. Bambo Piergiorgio Gamba a chipani cha Montfort anagwira ntchito ya akaidi zaka zambiri kumeneko. M'ndende zina namonso muli malo ophunzirira umisiri. Koma onsewa angathe kumpatsa munthu luso ndi zida zokha. Sangathe kumpatsa munthu wobwera pakhomo pake kudzati, ndikhomereni chitseko. Makina osokera opanda wobweretsa nsalu agulitsidwa pa njala ya mwezi wa Febuluwale, ndipo tidzati wagulitsa chifukwa ndi mbala.

Ndinenepo mawu amodzi a chenjezo, kuti wina asandimve molakwa. Si ntchito iliyonse iyenera munthu aliyense. Amene anamangidwa chifukwa choononga ana asaikidwe kuyang'anira ana, ngakhale atalapa ndi misozi. Amene anagwa chifukwa cha kachasu asatumidwe kukagulitsa mowa. Kumuika munthu pa malo pomwe anagwerapo ndi kumtchera msampha, ndipo iye mwini, ngati walapadi, adzakhala woyamba kukana. Ndiponso ena adzatinyenga ndithu. Mwa anthu khumi amene tidzawakhulupirira, kapena wina adzathawa ndi matabwa. Papa John XXIII pamene anakacheza kundende ya Regina Coeli pa 26 Disembala 1958, ndi Papa Francis pamene anatsegula Khomo Loyera m'ndende ya Rebibbia pa tsiku lomwelo mu 2024, sanatilonjeze kuti onse a m'katimo ndi angelo. Amene achita unkhoswe adziwiretu kuti tsiku lina angalipe.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a malimana, ntchito iyi iyamba munthu asanatuluke. Mudziwa mabanja amene ali ndi wao kundende ya pa boma, ku Chichiri kapena ku Zomba. Kambani ndi mwini mbumba za kamunda, kambani ndi amfumu, pitani kwa wolakwiridwa mumve za kukhosi kwake, ndipo funsani m'limana ngati alipo womanga nyumba kapena wosoka amene afuna womthandiza. Tsiku lotuluka pakhale wina wokamchingamira pa chipata, kuti usiku woyamba asaugone pa depoti.

Pa tchalitchi chija nkhani inatha motere. Katekisiti atakhala chete nthawi yaitali, anakweza mutu nati: "Amayi, ndalama musampatse. Matabwa ndi misomali tikagula tokha, inu ndi ine, ndipo ntchito idzagwiridwa pabwalo la tchalitchi pompano. Akatsiriza mabenchi anayi timlipira anayiwo, akatsiriza ena timlipiranso. Thabwa likasowa, mudzadule pa kandalama kanga ka mwezi." Amayi aja anati: "Mwanena nokha, aphunzitsi, anthu onsewa amva." Amalume ake a mnyamatayo anaitanidwa, navomera kuti pa malipiro alionse gawo lina lizipita kwa mwini njinga. Bambo wachikulire uja sananene kanthu, ndipo mwana wake sanabwere kudzagwira thabwa.

Pamene ndinali kuchoka, mabenchi asanu ndi atatu anali atatha, osalala bwino, ndipo thabwa silinasowe ndi limodzi lomwe. Amayi ena awiri akhalabe pa mphasa kumbuyo, ati sangakhale pa mpando wokhomedwa ndi mkaidi. Mwini njinga anabweza ndalama zoyamba zimene amalume aja anapita nazo, nati afuna mnyamatayo abwere nazo yekha, masana, anthu akuona. Katekisiti anandiuza kuti adzamperekeza Loweruka likudzali.